Mwana Wanzeru Apite ku Sukulu Iti?

M'midzi ya ku Kasungu, kuyambira kwa Santhe kufikira kwa Kaluluma, mkangano wa sukulu umabuka nyengo imodzi caka ndi caka, ndiyo nyengo imene mabelo a fodya apita ku msika wa ku Chinkhoma kapena wa ku Kanengo, ndipo ndalama zalowa m'nyumba. Pamenepo bambo amene ali ndi mwana wocenjera ayamba kusowa tulo. Mwanayo ali ndi zaka 6 kapena 7. Adziwa kale kuwerenga manambala olembedwa pa belo, aloweza nyimbo akangoimva kamodzi, ndipo mafunso ace atopetsa amace ndi agogo ace omwe. Tsono anansi abwera ndi uphungu, nati, "Mwana uyu ngwa mutu. Musamuononge pa sukulu ya pamudzi pano. Mtumizeni ku tauni, ku sukulu yogonera komweko, kumene alankhula Cingerezi cokhacokha." Bamboyo amva mau awa nakondwa, pakuti palibe kholo losafuna kumva kuti linabala mwana woposa anzace.

Uphungu umenewu ngwoipa, ngakhale operekawo aupereka ndi mtima wabwino. Nzoona kuti mwana wocenjera afuna sukulu yolimba, ndipo kholo limene limsiya pa sukulu yaulesi limcimwira. Koma kulimba kwa sukulu sikuyesedwa ndi kutalika kwa ulendo, kapena kukula kwa fizi, kapena dzina la Cingerezi lolembedwa pa cipata. Sukulu yolimba ndiyo imene ipatsa mwana nchito yoposa pang'ono cimene adziwa kale, niionetsetsa kuti waimvetsa. Makolo ambiri a m'dziko lino la fodya anataya ndalama za mabelo ambiri, nabweza mwana wao m'mbuyo, cifukwa anayesa kuti sukulu yochuka ndi sukulu yolimba ncinthu cimodzi.

Za ku Mtunthama

Maganizo akuti mwana wanzeru ayenera kukhala ndi sukulu yaceyace ali ndi kwao, ndipo kwaoko nkomwe kuno. Ku Mtunthama, kum'mawa kwa boma la Kasungu pa mseu wopita ku Nkhotakota, Dr. Hastings Kamuzu Banda anamanga Kamuzu Academy, naitsegula m'caka ca 1981, pafupi ndi mtengo wa kacere umene iye anaphunzira pansi pace ali mwana. Anafuna kuti ifanane ndi Eton, sukulu yochuka ya ku England. Ana ankaphunzira Cilatini ndi Cigiriki. Aphunzitsi anacokera kunja, makamaka ku Britain, pakuti mwini sukulu sanafune kuti Mmalawi aphunzitse m'menemo. Ana anasankhidwa ndi mayeso kucokera m'maboma onse a dziko, mwana wa mlimi ndi mwana wa kalaliki pamodzi, osalipira kanthu. Ulamuliro wa Dr. Banda utatha m'caka ca 1994, ndalama zocirikiza sukuluyo zinayamba kuphwa, ndipo m'zaka zotsatira inasanduka sukulu yolipira, ya fizi imene mlimi wamba sangaithe.

Za ubwino ndi kuipa kwa nchito imeneyo anthu akangana kufikira lero. Ena aloza madokotala, maloya ndi akatswiri ena amene anatuluka m'menemo. Ena akumbutsa kuti cuma cambiri cinathera pa ana mazana owerengeka, pamene ana osawerengeka anali kukhala pa dothi opanda buku. Koma pali cinthu cimodzi cimene otsanzira sukuluyo aiwala, kapena aciiwala dala. Kamuzu Academy sinatenge tiana ta zaka 6 ai. Ana amene analowa m'menemo anali atapyola kale makalasi a pulaimale, ndipo unyinji wao anawapyolera m'sukulu za boma ndi za misyoni za kwao, akugona m'nyumba za amai ao. Ngakhale munthu uja anakonda Cilatini koposa Amalawi onse, iye mwini anayambira pansi pa mtengo, m'cilankhulo ca kwao, napita ku sukulu ya misyoni ya ku Chilanga atasinkhukapo.

Lero liu lakuti Academy lalembedwa pa zipupa zambiri m'matauni ndi m'malo a malonda. Kuyambira m'caka ca 1994 sukulu za eni zinaculuka ngati bowa wa m'dzinja. Zina nzabwino ndithu, za aphunzitsi odziwa nchito ndi eni oopa Mulungu, ndipo nkulakwa kuzinyoza zonse pamodzi. Koma zina ndi nyumba ya lendi cabe, imene dzulo inali sitolo kapena mosungira cimanga, yopakidwa utoto wowala, momwe mnyamata wongomaliza Fomu 4 aimirira pamaso pa ana ndi ndodo m'manja. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Taye pa khosi la mwana sindiye maphunziro.

Mbande ikhwimira pa nazale

Mlimi wa fodya adziwa kale cimene aphunzitsi abvutika kufotokoza. Mbeu ya fodya njaing'ono ngati fumbi. Mlimi aifesa pa bedi, naphimba ndi udzu, nathirira m'mawa ndi madzulo. Ikamera acepetsa udzu pang'onopang'ono kuti izolowere dzuwa. Masabata otsiriza acepetsanso madzi, kuti mbande ikhwime, tsinde lilimbe, ikathe kupirira m'munda. Kukhwimitsa kumeneku kucitikira pa nazale pomwepo. Palibe mlimi wanzeru amene, poona mbande imodzi yatalika kuposa zinzace, aizula mwezi usanathe nakaiokera m'munda mvula isanagwe, nanena kuti popeza njamphamvu ipirira. Mbande yotalika msanga mizu yace ikali yanthete monga ya zinzace.

Mwana wocenjera atero. Mutu wace wathamanga, koma thupi ndi mtima zikali za mwana wa zaka 6. Akagona kutali, ndani adzamva kuti thupi lace latentha ndi malungo pakati pa usiku? Mai woyang'anira nyumba yogona ali ndi ana makumi angapo, ndipo naye afuna tulo. Mwana wamng'ono sadziwa kucapa, nthawi zina akodza pogona, ndipo anyamata akuluakulu amlanda ndiwo ndi sopo namuopseza kuti asanene. Iye sanena. Pa chuthi afika kwao ali cete, wosafunsanso mafunso aja anatopetsa agogo ace, ndipo makolo akondwa nati, "Onani ulemu umene waphunzira." Umenewo si ulemu ai. Ndi mantha, ndipo mantha ndiwo ayamba kupha nzeru za mwana. Za mwana wamkazi wamng'ono wogona pakati pa anthu acilendo, opanda mai kapena mbale womuuza zakukhosi, kholo liri lonse lilingalire lokha.

Ku Finland, dziko limene ana ace achuka pa kuwerenga, sukulu yeniyeni iyamba mwana ali ndi zaka 7. Kuno lamulo liti zaka 6. Kuthamangitsa mwana wa zaka 4 kapena 5 ku Sitandade 1, kapena kumtumiza kukagonera kutali asanadziwe kudzisamala, sikumfikitsa msanga ku yunivesite. Kuthamanga sikufika.

Za Cingerezi

Cimene cikopa makolo koposa zonse ndi Cingerezi, ndipo pamenepa ayenera kumvedwa, pakuti sakufuna cinthu copanda pace. Mayeso a Sitandade 8, amene bungwe la MANEB lilembetsa, alembedwa m'Cingerezi, kupatula pepala la Cicewa. Wolephera Cingerezi pa mayeso a Fomu 4 salandira satifiketi, ngakhale akhoze masamu ndi sayansi. Nalo lamulo la maphunziro la m'caka ca 2013 linena kuti cilankhulo cophunzitsira cikhale Cingerezi. Kotero kholo lofuna kuti mwana wace adziwe Cingerezi silicimwa. Funso ndi lakuti, kodi njira yofikira kumeneko ndi iti?

Pali sukulu zina zimene ziletsa mwana kulankhula Cicewa kapena Citumbuka kuyambira tsiku loyamba, nizimlanga akaphonya. Patapita miyezi itatu mwanayo aimirira pamaso pa alendo nalakatula mau ambiri a Cingerezi osapunthwa, ndipo atate ace agwetsa misozi ya cimwemwe. Koma wina amfunse m'cilankhulo ca amace kuti, "Kodi zimene wanenazo zitanthauza ciani?" Kawirikawiri mwanayo angoyang'ana pansi. Cinkhwe naconso ciloweza mau a anthu. Mwana wocenjera ndiye agwa msanga m'msampha umenewu, cifukwa kuloweza sikumbvuta, ndipo aphunzitsi aulesi akondwera naye namuonetsa kwa alendo ngati ng'ombe ya pa cionetsero. Zaka zitatu kapena zinai zitha, mwana akuyamikiridwa, osaphunzira kuganiza.

Kuwerenga ndi luso limene munthu aliphunzira kamodzi kokha pa moyo wace. Akadziwa kuti zilembo ziimira maliu, ndi kuti mau olembedwa ali ndi tanthauzo lofunika kulitsata, luso limenelo apita nalo ku cilankhulo ciri conse. Tsono Cicewa ncokoma poyambira, cifukwa zilembo zace sizinyenga: a, e, i, o, u zimveka cimodzimodzi pali ponse. M'Cingerezi cilembo cimodzi cimveka mwina apa, mwina apo. Akulu amene alowa sukulu ya kwaca adziwa bwino zimenezi, pakuti m'miyezi yowerengeka anayamba kuwerenga kalata ndi lisiti la ku msika. Akadayambira Cingerezi, ambiri akadaleka panjira. Si nzeru yatsopano imeneyi. M'caka ca 1953 akatswiri osonkhanitsidwa ndi bungwe la UNESCO analemba kuti mwana aphunzira bwino koposa akayambira m'cilankhulo ca kwao. M'Malawi muno ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga, imene inayamba m'caka ca 2016, iphunzitsa ana a Sitandade 1 kufikira 4 kuwerenga Cicewa ndi Cingerezi mbali ndi mbali. Sukulu yolimba iphunzitsa Cingerezi tsiku ndi tsiku, mwakhama, koma siicita manyazi kumasulira mwana m'cilankhulo cimene amva.

Ndalama za fodya

Pali cinanso cimene anansi aja sachula popereka uphungu wao, cifukwa si iwo adzalipira. Fizi ya sukulu yogonera ibwera katatu pa caka, caka ciri conse, ndipo siitsika. Ndalama za fodya zibwera kamodzi, ndipo sizidziwika. Caka cino mitengo yakoma. Caka camawa mvula idula mu Febuluwale, kapena ogula akana mabelo, kapena kampani idula ngongole ya feteleza ndi mbeu nisiya mlimi ndi zocepa. Mwana amene analowa sukulu yodula ndi ndalama za caka cabwino acotsedwa m'caka coipa, nabwerera ku sukulu ya pamudzi imene atate ace anainyoza pamaso pa anthu. Afika wamanyazi, wosadziwa kuwerenga Cicewa bwino, anzace akumseka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Ulendo wa sukulu ngwautali: zaka 8 ku pulaimale, zaka 4 ku sekondale, ndi zina pamwamba pace kwa amene apitirira. Kumene ndalama zifunika koposa ndi kumapeto, kumene kuli mabuku, zogonera, maulendo ndi mayeso. Kholo limene lithera cuma cace pa Sitandade 1 ndi 2 lifanana ndi mlimi wothira feteleza yense pa nazale, munda nukhala wopanda kanthu.

Mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma lomwe lino, ionetsa mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Iye anaphunzira pa sukulu ya pulaimale ya kwao, nalowa sekondale ya Kachokolo, koma njala ya m'zaka za 2001 ndi 2002 inatha cuma ca atate ace, amene anali mlimi wa cimanga ndi fodya, ndipo mnyamatayo analeka sukulu posowa fizi. Nzeru zinalipo, ndalama ndizo zinasowa pa nthawi yofunika. Cimene cinampulumutsa ndi kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulaimale ya ku Wimbe. M'menemo anapeza mabuku a sayansi, nawatsata ndi zithunzi zace ngakhale Cingerezi cace cinali cocepa, namanga makina opukusidwa ndi mphepo ndi mitengo ya bulugama, njinga yakutha ndi zitsulo zotola, nayatsa magetsi m'nyumba ya atate ace. Pambuyo pace anthu anamva za iye, ndipo anaphunzira ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi ku Dartmouth College ku America, kumene anamaliza m'caka ca 2014. Sikuti mwana ali yense adzatero ai, ndipo nkupusa kunena kuti kuleka sukulu kunamthandiza. Koma shelefu ya mabuku pa sukulu ya pamudzi inacita cimene yunifomu yokongola sikadacita.

Sukulu yaulesi nayonso ipha

Wina angayese kuti mau onsewa ndi oteteza sukulu ya pamudzi monga iliri. Iai. Sukulu zambiri za boma zilephera mwana wocenjera, ndipo aphunzitsi oona mtima abvomera. Pamene boma la Dr. Bakili Muluzi linacotsa fizi ya pulaimale m'caka ca 1994, ana a sukulu analumpha kucokera pafupi 1.9 miliyoni kufika pafupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwi zambiri osaphunzira nchito. Cinali cinthu cabwino kuti mwana wa mmphawi alowe sukulu, koma makalasi anadzaza, ndipo kufikira lero sanaphwe. Boma lifuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60. M'makalasi oyamba a sukulu zambiri ana apitirira 100. Mphunzitsi wotere athamangira amene atsalira, ndipo mwana amene wamva kale angokhala.

Coipa koposa ndi ici: mwana wocenjera asanduka kapitao. Apatsidwa nchito yolemba maina a olongolola, kapena kutsogolera anzace pobwereza zimene iye anadziwa kale, kapena kutumidwa kukatunga madzi a kunyumba ya aphunzitsi, popeza "sangatsalire." Akhala woyamba pa mayeso teremu iri yonse osatuluka thukuta. Motero aphunzira phunziro limodzi loopsa, lakuti iye safunika kulimbikira. Tsiku limene adzafika ku Fomu 1, nakumana ndi anzace ocenjera ngati iye ocokera m'sukulu zina, adzagwa, cifukwa sanazolowere kulimbana ndi cinthu cobvuta. Ana otere ndi ambiri, ndipo anthu amati anawalodza.

Nako kunyumba kuli mlandu wace. Miyezi ya Febuluwale ndi Malici, pamene nchito yothyola ndi kusoka fodya yaculuka m'cigafa, mwana amene ayamba kujombetsedwa ndi wocenjera yemweyo, cifukwa ndiye adziwa kuwerenga mikangala ndi kulemba masiku a aganyu, ndiponso cifukwa makolo ati adzawapeza anzace. Lamulo la nchito la m'caka ca 2000 liletsa kulemba nchito mwana wosafika zaka 14, ndipo fodya wamuwisi wonyowa alowetsa ululu wace pa khungu, mwana namva mutu ndi mseru. Bambo amene alota za Academy mu Julaye, najombetsa mwana yemweyo mu Febuluwale, adzinyenga yekha.

Tsono kholo licite ciani? Lisathawe, ndiponso lisangokhala. Lipite kwa mphunzitsi wamkulu, lipereke moni mwaulemu, linene kuti, "Aphunzitsi, mwana wanga uyu akuti amatsiriza nchito msanga nangokhala. Kodi simungampatseko ina yobvutirapo, kapena buku lakuti aziwerenga?" Mphunzitsi wokonda nchito yace akondwera ndi pempho lotere, pakuti ndi makolo ocepa amene afika ku sukulu popanda mlandu. Angathe kumpatsa masamu a kalasi la patsogolo, kumbwereka mabuku, kapena kumuika m'manja mwa mphunzitsi wakhama. Zimenezi sizifuna ndalama. Mphunzitsi wamkulu amene akwiya ndi pempho limeneli, kapena alonjeza osacita kanthu teremu yonse, waonetsa yekha kuti sukulu yace njotani, ndipo pamenepo kholo liri ndi cifukwa cokwanira cofunira sukulu ina. M'madera ambiri muli sukulu ziwiri kapena zitatu zofikika pansi kapena pa njinga, ya boma, ya misyoni, kapena ya eni yoyendera. Makilomita anai pa njinga ya mkulu wace, mwana nagona kwao, aposa makilomita 130 a ku Lilongwe.

Kulumphitsa kalasi

Makolo ena, poona kuti mwana angokhala, aumiriza kuti alumphe kalasi. Nthawi zina nkoyenera, koma kamodzi kokha, ndipo mphunzitsi wamkulu atamuyesa mwanayo pa kuwerenga, kulemba ndi masamu a kalasi limene afuna kulidumphalo. Masamu ali ngati njerwa za nkhokwe ya fodya: wocotsa mzere wa pansi adzaona mng'alu pamwamba. Ndipo mwana wolumpha makalasi awiri afika ku Sitandade 8 ali ndi zaka 11, pakati pa anyamata ndi atsikana otha msinkhu, amene nkhani zao ndi masewera ao si za msinkhu wace. Akasankhidwa, apita kukagonera ku sekondale akali mwana.

Olemba mbiri ya Dr. Banda asimba kuti ca m'ma 1915, ali mnyamata, analowa mayeso a uphunzitsi ku Chilanga. Pokhala wamfupi ndi wokhala kumbuyo, anaimirira kuti aone bwino pa bolodi, ndipo woyang'anira mayeso anayesa kuti alikuonera za mnzace, namtulutsa. Posacedwa mnyamatayo anacoka m'dziko muno pansi, kunka ku Rhodesia ndi ku South Africa. Iye anapirira nafika patali, koma si ana onse amene atulutsidwa kapena kusekedwa cifukwa ca kucepa msinkhu adzayenda ulendo wotere. Ambiri angotaya mtima.

Poyesa sukulu

Apa ndipo munthu amene waphunzira kuwerenga atakula apeza phindu la khama lace. Kale akadangomva za m'maluwa. Tsopano angathe kuona ndi maso ace. Asayambe ndi ofesi, kumene kuli mipando yabwino ndi zikho, koma apemphe kuona makope a ana a Sitandade 2 kapena 3, atatu kapena anai, osati a mwana mmodzi wosankhidwa ndi aphunzitsi. Ayang'ane masiku olembedwa pamwamba pa tsamba: kodi ana alemba tsiku ndi tsiku, kapena papita sabata? Ayang'ane ngati mphunzitsi anacongamo, ndiponso ngati pamene mwana analakwa anamlembetsanso. Kope lodzala ndi zokopera pa bolodi, lopanda ciganizo nkamodzi komwe cimene mwana anapanga yekha, ndi umboni wa sukulu yoloweza. Kope limene mwana akhoza zonse tsiku liri lonse nalonso si labwino, pakuti lionetsa kuti nchito yamcepera. Mwana wocenjera amene ali pa sukulu yomuyenera alakwako nthawi zina, ndipo afika kunyumba ndi funso limene lamsautsa.

Atatero apemphe kuimirira pa khomo la kalasi kanthawi. Awerenge ana, aone ngati ali ndi mabuku m'manja, amve ngati ana afunsa mafunso kapena angobwereza pamodzi ngati acule a m'dambo. Aone ngati mphunzitsi agwira coko kapena ndodo. Makolo ambiri ayesa kuti sukulu yomenya ndiyo yolimba, cifukwa iwo anamenyedwa. Koma Unduna wa Maphunziro unaletsa kumenya ana, ndipo mwana woopa kulakwa saleka kulakwa ai, aleka kuyesa. Ngati ndi sukulu ya eni, afunse ngati inalembetsedwa ku Unduna, ndiponso ngati aphunzitsi ace anapita ku sukulu ya uphunzitsi, monga iri pa Kasungu pomwe pano, ndi kuti akhala zaka zingati pa sukulupo. Kumene aphunzitsi asintha teremu iri yonse, malipiro ngobvuta ndipo maphunziro aduka.

Acenjere ndi pepala lomatidwa pa cipata, lonena kuti ana onse anakhoza ndipo akutiakuti anasankhidwa. Pepalalo lingathe kunena zoona ndi kunyenga nthawi yomweyo. Funso loyenera ndi lakuti, ana amene analemba mayesowo anali angati pamene anali m'Sitandade 5, ndipo enawo anapita kuti? Pali sukulu zina zimene zibweza kapena kucotsa ana ofoka mayeso asanafike, ndi zina zimene zidzaza kalasi ndi obwereza Sitandade 8 kaciwiri ndi kacitatu, nizithera zaka ziwiri pa kuloweza mapepala a mayeso akale. Sukulu yotere ikolola pamene sinafese.

Yeso lotsiriza licitikira pa khonde madzulo, ndipo silifuna cilolezo ca munthu. Mwana awerenge ndime imodzi mokweza, m'Cicewa kapena m'Cingerezi, atseke buku, ndipo atate kapena amai amfunse kuti, "Tatiuza, mwanawe, wawerenga ciani? Nanga munthu wa m'nkhaniyo anacitiranji zimenezo?" Ampatsenso masamu a m'nyumba momwemo: mikangala 12 ya masamba omangidwa, ina 5 yatsitsidwa, yatsala ingati, mabelo 3 a makilogalamu 90 alemera bwanji onse pamodzi. Mwana amene ayankha ndi mau aceace alikuphunzira, kaya sukulu yace njofolera ndi udzu. Ngati pakutha pa teremu sangathe cinthu cimene sanali kucitha poyamba, sukuluyo yamdyera nthawi, kaya fizi yace njotani.

Nthawi yogonera kutali idzafika yokha. Mwana akalemba mayeso a Sitandade 8 ali ndi zaka 13 kapena 14, boma lisankha okhoza bwino koposa kupita ku sekondale zogonera za dziko lonse ndi za m'boma, monga Chayamba, kapena Loyola imene Ajezuiti anatsegula pa Kasungu m'caka ca 2015, ndipo ena apita ku sekondale zoyendera za m'madera. Pa msinkhu umenewo mwana adziwa kucapa malaya ace, kusunga ndalama ya sopo, ndi kulemba kalata kwa amace ngati zinthu sizili bwino. Ndalama za mabelo zimene atate ace sanazithere pa Sitandade 1 zidzafunika tsiku limenelo, pogula bokosi, bulangete, nyale ndi dikishonale.